Magalasi ochedwetsa vuto losaona patali kwa ana: patatha miyezi 14

Bilu ya magalasi achiwiri a mwana itafika, mnzanga anafunsa ngati ndalamazi sizikungolowa m'madzi. Yankho lake silifupika.

Magalasi amenewa, omwe amatchedwa DIMS, sachiza diso. Amangochepetsa liwiro limene diso la mwana limatalikira chakumbuyo, komwe ndi gwero la kusaona patali. Pakati pa galasi pali malo oyera a mamilimita 9, ozunguliridwa ndi timadontho (timagalasi ting'onoting'ono) pafupifupi 400, kalikonse ka mphamvu ya +3.50. Kafukufuku wa zaka ziwiri wa ku Hong Kong Polytechnic University, pa ana a zaka 8 mpaka 13, anapeza kuti vutoli linakula mochedwa ndi 52 peresenti poyerekeza ndi ovala magalasi wamba. Ndi opepuka, sasweka chisawawa, ndipo mwana amawazolowera pasanathe masabata awiri. Pamenepo palibe chodandaula.

Chovuta ndi fremu. Mphuno ya mwana imakhala isanakhwime, ndiye akathamanga n'kutuluka thukuta, fremu imatsetsereka. Ikangotsika ndi mamilimita atatu kapena anayi, kamwana ka diso kamachoka pamalo oyera aja n'kumayang'ana kudzera m'timadontho. Zilembo zapabolodi zimaoneka mbuu, mwana amayamba kusuzumira pamwamba pa fremu kapena kuikankha ndi chala mphindi iliyonse, kenako amavula n'kuponya m'chikwama. Magalasi osavalidwa tsiku lonse ndiye kuti mwangotaya ndalama. Wogulitsa woyamba anayeza mtunda wapakati pa maso okha, osayeza kuti kamwana ka diso kali pamtunda wanji mufremumo, ndipo atauzidwa anayankha kuti mwana azolowera. Sanazolowere. Chofunika n'chakuti mwana avale fremu yomwe mwasankhayo, wogulitsa aikonze ikhale bwino, kenako aike kadontho ka peni pagalasi la diso lililonse palokha asanadule magalasiwo. Timapilo ta silikoni tapamphuno ndi tokowa takuseri kwa khutu timathandiza kwambiri, ndipo fremuyo izikonzedwanso miyezi itatu iliyonse.

Poyeza pa miyezi 6 iliyonse, musakhutire ndi kuwerenga zilembo pakhoma. Pemphani kuti ayeze kutalika kwa diso ndi makina, komanso adontheze mankhwala opumitsa minofu ya m'diso asanayeze mphamvu, chifukwa maso a ana amanamiza makina. Maola awiri a panja tsiku lililonse asasiyidwe, magalasi salowa m'malo mwake.

Tsiku lomwe zotsatira zaonetsa kuti diso langosuntha pang'ono, mtima umati ndalama zinapita pabwino. Tsiku la bilu mtima umabwerera m'mbuyo, chifukwa mtengo wake umaposa wa magalasi wamba kangapo, ndipo mwana amakula n'kuisiya fremu. Wogulitsa uja anakananso kubweza galasi lokalika, ati lonjezo lawo silikhudza zokala. Achiwiriwa agulidwa kwina, kwa amene anavomera kulemba palisiti kuti mphamvu ikasintha ndi 0.50 chaka chisanathe adzasintha magalasi osalipiritsa.