Lathunthu, lofupikitsidwa kapena lomvetsera: mwana ayambe ndi liti pa nthano zazitali zakale?

Mabuku ambiri akale amene lero timawaika pa shelefu ya ana sanalembedwere ana ayi. Robinson Crusoe wa mu 1719 ndi Gulliver's Travels wa mu 1726 anali a akuluakulu, ndipo anafika m'manja mwa ana atadulidwadulidwa kale. Choncho kholo kapena mphunzitsi wofuna kuti mwana alawe mabuku otere ali ndi njira zitatu: kumupatsa buku lathunthu, kumupatsa lofupikitsidwa, kapena kuti alimve ndi khutu. Chotsogolera posankha chisakhale zaka za mwanayo koma kuchuluka kwa mawu amene akuwadziwa m'chinenero cha bukulo.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Tsegulani pakati pa buku, osati koyambirira, mwana awerenge tsamba limodzi akuwerengera mawu amene akumugonjetsa. Kafukufuku wa akatswiri a zinenero Hu ndi Nation wa mu 2000 anapeza kuti munthu amafunika kudziwa mawu pafupifupi 98 pa 100 alionse kuti amve bwino nthano popanda womuthandiza. Pa tsamba la mawu 300, ndiye kuti achilendo asapitirire 6. Akafika 15 kapena 20, mwana amathera nthawi mu dikishonale, nkhani n'kumuthawa, ndipo bukulo silidutsa mutu wachitatu.

Buku lathunthu lili ndi chinthu chimene lofupikitsidwa lilibe: mawu onse enieni a mlembi, nthabwala zake, ndi ziganizo zazitali zimene zimaphunzitsa mwana kusunga ganizo m'mutu mpaka lithe. Vuto lake ndi lakuti alembi akale sankathamanga. Ena amatha masamba ambiri akufotokoza mbiri ya banja kapena maonekedwe a nyumba nkhani isanayambe n'komwe. Mulinso maganizo a nthawi imeneyo onyoza mitundu ina ya anthu, ndiye wamkulu ayenera kuliwerenga kaye kuti adziwe pofunika kukambirana.

Kulipeza sikuvuta, poti ambiri mwa mabukuwa nthawi ya umwini wake inatha. Project Gutenberg, imene Michael Hart anayambitsa mu 1971, imawapereka kwaulere pa intaneti. Powerengera pa foni sankhani fayilo ya mtundu wa EPUB osati wa PDF, chifukwa zilembo zimakula mizere n'kudzikonza yokha. PDF imakakamiza mwana kumangokokera tsamba uku ndi uku. Chenjerani ndi mabuku osindikizidwa mwachangu kuchokera ku masamba ojambulidwa ndi makina: kompyuta kawirikawiri imawerenga "rn" ngati "m", ndipo palibe amene anawawerenganso kuti akonze. Msampha wina uli pa mabuku omasuliridwa. Laulere nthawi zambiri limakhala lomasuliridwa kalekale, ndipo si onse omasulira akale anali okhulupirika. Amene anayamba kuika m'Chingerezi nthano ya Jules Verne ya ulendo wa pansi pa nyanja anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, koma anthu anaiwerenga kwa zaka zambiri akuyesa ndi yonse.

Mabuku ofupikitsidwa ali mitundu iwiri, ndipo anthu amaisokoneza. Mtundu woyamba ndi wongodula: achotsa ndime kapena mitu ina, koma zotsalazo ndi mawu a mlembi. Buku lotere ndi lalifupi koma si losavuta, chifukwa mawu achikale aja akadalimo. Limayenera mwana amene chinenero akuchidziwa koma amatopa msanga. Mtundu wachiwiri ndi wolembedwanso ndi munthu wina m'mawu owerengeka. Mndandanda wa Oxford Bookworms, mwachitsanzo, umayambira pa mabuku ogwiritsa ntchito mawu osiyanasiyana 250 okha, n'kukwera 400, 700, 1,000, 1,400, 1,800 mpaka 2,500. Kwa mwana amene akuwerenga m'chinenero chimene si choyamba chake, mtundu uwu ndi umene umamupatsa chimwemwe chomaliza buku yekha, ndipo chimwemwe chimenecho n'chimene chimamutumiza kukatenga lachiwiri. Cholakwika chofala ndi kumukweza msanga. Awerenge mabuku angapo a mlingo umodzi mpaka aziyenda osapunthwa, kenako akwere.

Koma chotayika n'chachikulu, tisanamizane. Gulliver anayenda maulendo anayi. Mabuku ambiri a ana amasunga awiri oyamba okha, wa kwa tianthu ting'onoting'ono ndi wa kwa ziphona, n'kutaya omalizawo amene mlembi ankadzudzulamo kwambiri khalidwe la anthu. Mwana amatsala ndi fupa lopanda mnofu, ndipo akakula amati bukulo analiwerenga kale. N'chifukwa chake tiyenera kumuuza poyera kuti ili ndi lachidule, lenileni likumudikira. Osindikiza ena salemba zimenezi pachikuto. Yang'anani tsamba la kuseri kwa dzina la buku: mukaona "abridged", "adapted" kapena "retold by", si lathunthu. Ngati palibe chilichonse, yerekezerani chiwerengero cha mitu ndi cha pa Project Gutenberg.

Njira yachitatu, yomvetsera, kwa ife, ndi imene imaposa zinazo kwa mwana wa ku pulayimale. Khutu la mwana limakhala patsogolo pa maso ake: chiganizo chimene chingamugwetse pochiwerenga yekha amachimva bwinobwino wamkulu akachiwerenga mopumira pamalo oyenera. Apa buku lathunthu limatheka. Powerenga mokweza munthu amayenda mawu pafupifupi 150 pa mphindi. Treasure Island wa mu 1883 ali ndi mitu 34 ya mawu pafupifupi 2,000 uliwonse, ndiye mutu umodzi umatenga mphindi zosakwana 15, buku lonse n'kutha m'mwezi umodzi ndi masiku ochepa ngati muwerenga mutu umodzi patsiku. Wowerengayo angathenso kudumpha ndime yotopetsa kapena kutanthauzira liwu mofulumira osaimitsa nkhani. Musasandutse nthawiyi mayeso. Mafunso ochuluka amapha chidwi.

Mawu ojambulidwa amathandiza pamene wamkulu palibe, koma saona nkhope ya mwana kuti adziwe kuti wasochera. LibriVox, nkhokwe ya pa intaneti ya mabuku omvetsera imene inayamba mu 2005, ndi yaulere ndipo owerenga ake ndi ongodzipereka, choncho ena amawerenga mokoma, ena mogonetsa tulo. Mabuku ena kumeneko mutu uliwonse uli ndi wowerenga wake, zimene zimasokoneza mwana pozindikira mawu a apangankhani; sankhani amene munthu mmodzi wawerenga buku lonse. Kumvetsera kokha sikuphunzitsa kalembedwe ka mawu, ndiye ngati cholinga ndi kukulitsa luso lowerenga, mwana azitsatira ndi maso m'buku. Apo onetsetsani kuti lomvetsera ndi lapepala ndi amodzi: limodzi likakhala lofupikitsidwa, kapena omasulira ake akakhala osiyana, mwana amasochera pa ndime yoyamba yomwe.