Miyezi 14 ndi Nikon F3HP pa lenzi za 20mm ndi 24mm

Pamene ndinkagula F3HP chaka chatha ndinalankhula mawu amene anzanga ojambula amandikumbutsabe mpaka pano. Ndinati bodi ya kamera ya filimu ndi kabokosi chabe, chithunzi chimachokera ku lenzi ndi filimu, ndipo ndikugula kamerayi chifukwa cha dyera basi. Papita miyezi 14, mafilimu oposa 30 ndatha, ndipo mawu aja ndawabweza. Pa lenzi ya 50mm mwina ndinkanena zoona. Pa 20mm ndinkanama.

Ndinali kale ndi kamera ina ya Nikon, FM2n, ndipo ilibe mlandu uliwonse. Imalemera magalamu 540 okha, shutter yake (kachitseko kotsegulira kuwala ku filimu) imafika 1/4000 ya sekondi popanda batire, batire ndi ya choyezera kuwala chokha. Vuto linali pakati pa kamerayo ndi nkhope yanga. Ndimavala magalasi, choncho diso limakhala kutali pang'ono ndi poyang'anira, ndipo chithunzi cha mu FM2n ndi chachikulu, 0.86x, moti makona anayi onse sindinkawaona nthawi imodzi. Ndinkachita kusuzumira uku ndi uku ngati munthu woyang'ana pa kabowo ka kiyi. Kuwonjezera apo, imaonetsa 93 peresenti yokha ya zimene zikulowa pa filimu. Anachita dala kutero, chifukwa mafelemu a slide ndi makina otsukira zithunzi ankadula m'mbalimo. Koma ine negetivi ndimasikana ndekha, yonse mpaka m'mphepete.

Lenzi ya 20mm imaona madigiri 94 kuchokera pa kona ina kufika pa inzake. Ndi lenzi yosusuka, imatola chilichonse. Chithunzi chimene chinandipweteka mtima ndi cha masitepe ozungulira m'nyumba ina yakale. Ndinadikira pafupifupi ola kuti kuwala kwa pawindo kutsike kufika pa sitepe yachitatu. Filimu itatsukidwa, kumunsi kumanzere kunali nsonga ya nsapato yanga, pambali pake mwendo wa tripod. Mungati ndikanangodula. Ndinaduladi, koma kudulako kunadya mzere wa chitsulo chogwirira umene unkatsogolera diso kukwera m'mwamba, ndiye chinatsala ndi chithunzi cha masitepe wamba.

F3 inatuluka mu 1980, ndipo ya HP (high eyepoint, kutanthauza kuti diso likhoza kukhala patali) inabwera mu 1982 ndi poyang'anira potchedwa DE-3. Imaonetsa 100 peresenti, ndipo diso likhoza kutalikira mpaka mamilimita 25 n'kumaonabe zonse. Chithunzi chake n'chocheperako, 0.75x, ndipo poyamba ndinkaona ngati ndaluza. Patapita sabata zingapo ndinazindikira kuti kuchepako n'kumene ndinkafuna. Umachiona chonse kamodzi, ngati chithunzi chotsuka kale chili m'manja. Panopa diso langa lili ndi chizolowezi chake: ndisanadine, limazungulira makona anayi, kumanzere kumunsi poyamba chifukwa cha nsapato ija. Mthunzi wanga, lamba wa kamera, chala changa chomwe, zonsezi ndimazigwira zisanalowe pa filimu.

Tsiku lina ndinaika polarizer, fyuluta yochepetsa kunyezimira, pamwamba pa fyuluta ya UV pa 20mm f/3.5 yanga, ulesi wochotsa yoyambayo. Nditayang'ana ndinaona makona onse ada ngati wina wawapaka mwaye. Mu FM2n mdima umenewu ukanabisala mu 7 peresenti ija ndipo ndikanaudziwa filimu yonse itawonongeka. Polarizer yomweyo ndinasiya kuigwiritsa ntchito pa lenzi imeneyi, poti thambo limatuluka lamawangamawanga, mbali ina bii, mbali ina yoyera.

Chachiwiri chimene chinasintha ntchito yanga ndi kagalasi kofokasira ka mkati. Kamera inabwera ndi ka mtundu wa K, kokhala ndi kabwalo kogawika pakati. Ndinachotsa n'kuikamo ka E, kokhala ndi mizere yopingasa ndi yoimirira. Pa F3 ndi ntchito ya mphindi imodzi: umachotsa poyang'anira ponse, n'kukanyamula ndi zala. FM2n nayonso ili ndi E2, koma umalowetsa ndi kapani kudzera pakamwa pa lenzi, mtima uli m'mwamba. Mizere imeneyi pa lenzi yotambalala si zokongoletsa ayi. Kungopendeketsa kamera m'mwamba pang'ono, makoma amayamba kugwera kumbuyo ngati nyumba yaledzera, ndipo diso lopanda mizere limakunamiza kuti zonse zili bwino.

Kufokasa kwenikweni sindivutika nako. Pa 24mm, ndikaika aperture (kabowo kolowetsa kuwala m'lenzi) pa f/8 n'kuimika fokasi pa mamita awiri ndi theka, chilichonse kuyambira pa mita imodzi ndi pang'ono mpaka kumapeto kwa maso chimatuluka bwino. Manambala ali pa lenzi pomwepo.

Choyezera kuwala ndinkachiderera, koma chandithandiza. Cha FM2n chimaika 60 peresenti ya chidwi chake pa bwalo la pakati, cha F3 chimaika 80. Pa 20mm thambo limatenga theka la chithunzi nthawi zambiri, ndipo choyezera chikamvera thambo, pansi ponse pamada. Ndi F3 ndimaloza pansi, ndimakanikiza kabatani ka kutsogolo kosunga muyezo, n'kukweza kamera. Filimu ya negetivi imakhululuka ukalakwitsa pang'ono. Ya slide siidziwa chisoni.

M'mwezi wachisanu ndi chinayi ndinatsala pang'ono kupandukira. Mnzanga anandibwereka Voigtländer Bessa R4M ndi Color-Skopar 21mm f/4 kwa sabata zitatu. Ndi rangefinder, kamera imene umayang'anira pa kawindo kakekake osati kudzera m'lenzi, yopangidwira lenzi zotambalala, 0.52x, yokhala ndi mizere ya 21, 25, 28, 35 ndi 50mm mkati momwemo, osafunanso kapoyang'anira kena kokweza pamwamba. Kalenzi kakeko kanandichititsa manyazi, kakang'ono ngati chotsekera cha botolo. Chifukwa chake n'chosavuta: kamera yotere ilibe galasi lodumpha mkati. Pa makamera a dongosolo la Leica M, monga Bessa imeneyi, kuchokera pomangira lenzi kufika pa filimu ndi mamilimita 27.8, pamene pa Nikon F ndi 46.5 kuti galasi lipeze malo. Ndiye lenzi ya 20mm pa SLR, kamera ya galasi lodumpha ngati ma Nikon angawa, iyenera kupangidwa mwa njira ya retrofocus yoti lenzi ikhale patali ndi filimu, imene Pierre Angénieux anabweretsa ku makamera a 35mm mu 1950, ndipo imatuluka yonenepa. Nikon yomwe, lenzi yake ya 2.1cm f/4 ya mu 1959 inkalowa mkati kwambiri moti galasi ankalitsekera m'mwamba, n'kumayang'anira pa kagalasi kena ka pamwamba.

Ndinaikonda Bessa ija, imalowa m'thumba la jekete, ndipo ndikanakhala wojambula anthu mumsewu bwenzi nditasintha. Koma ine 20mm ndimaikonda pafupi. Yanga imafokasa mpaka masentimita 30, ndipo ndimaikankhira pa chogwirira cha chitseko kapena pa mwala wong'aluka kuti chinthucho chikule, dziko lonse litsalire kumbuyo kwake. Pamenepo kusuntha kamera ndi chala chimodzi kumasintha chithunzi chonse. Rangefinder imayezera mtunda mpaka masentimita 70 basi, ndipo diso limaonera pambali pa lenzi, osati mkati mwake. Zimene ndinkaona kuti zaima bwino kumbuyo kwa mwala zinkatuluka zitabisala. Mizere ya 21mm nayo ili m'mphepete mwenimweni, ndi magalasi anga ndinabwereranso ku kusuzumira kuja. Ndinaibweza ndi kuthokoza.

Zolipira zilipo. F3HP imalemera magalamu 760 lenzi isanalowepo, ndipo madzulo khosi limadandaula. Shutter yake imadalira mabatire awiri a SR44 kapena LR44. Akatha, umatsala ndi liwiro limodzi, cha m'ma 1/60, pa kachitsulo ka kutsogolo. Zinandichitikira kamodzi m'mawa wozizira, apadera nditawaiwala pa tebulo, ndipo ndinamaliza filimuyo ndikusintha aperture yokha, kuwala ndikuyeza ndi maso. Zotsekera galasi m'mwamba kuti lisagwedeze kamera, zimene ndinkazitama ndikugula, ndazigwiritsa ntchito kanayi kokha. Ndipotu pa FM2n ukatchera self-timer galasi limakwera kaye shutter isanatseguke, kotero chimenecho si chifukwa chosinthira kamera. FM2n sindinagulitse, imakhala ndi 50mm, ndipo pamenepo chithunzi chake chachikulu chija ndi chokoma kuposa cha F3HP.

Amene mukufuna yogwiritsidwa kale ntchito, onetsetsani kuti kutsogolo kwa poyang'anira palembedwa HP, chifukwa F3 wamba imabwera ndi DE-2, imene diso liyenera kuyandikira. Mangani lenzi yanu yotambalala, valani magalasi anu, lozani khoma loyera, muone ngati makona anayi akuoneka mutu usakusuntha. Tsegulaninso kumbuyo mukhudze siponji ya m'mbali mwa chitseko. Yanga inali itasanduka phala lakuda lomata zala, monga zimakhalira ndi makamera ambiri akale otere, ndipo ndinathera Loweruka lonse ndikuipala ndi kamtengo ndisanaikemo yatsopano.