Damu langa ladothi, dzinja ndi chilimwe zitadutsa

Damu laling'ono ladothi lomwe tinamanga m'chigwa cha kumunda kwanga laona dzinja lathunthu ndi chilimwe chathunthu, ndipo mvula ina yayamba kale kuligwera. Ofuna kumanga lawo amandifunsa chinthu chimodzi: kodi madzi amakhalitsa? Amakhalitsa ndithu. Mbewu zathirira mpaka mvula kubweranso, ziweto sizinayende mtunda kukasaka madzi, ndipo chitsime chomwe chili kumunsi kwa khoma sichinaphwe monga chinkachitira kale, chifukwa madzi olowa pansi amakatulukira komweko. Pa zimenezi ndilibe dandaulo.

Koma madzi omwe mumawaona tsiku lomwe damu ladzaza si onse omwe mudzamwe. Amisiri ali ndi masamu achidule oyerekezera madzi a damu la m'chigwa: kutalika kwa khoma kuchokera mbali ina ya chigwa kufika ina, kuchulukitsa ndi mtunda womwe madzi afika kumtunda, kuchulukitsanso ndi kuya kwa pakhoma, kenako kugawa ndi 6. Khoma la mamita 60, madzi otalika mamita 150, kuya mamita 4, ndiye kuti makiyubiki mita 6,000, omwe ndi malita pafupifupi 6 miliyoni. Chiwerengerocho chimasangalatsa. Chomwe ndinachimvetsa bwino nditachiona ndi maso ndi chakuti chigwa chimakhala chotambalala pamwamba n'kupanikizika pansi, choncho pa mamita anayiwo, mita imodzi yapamwamba yokha imasunga madzi oposa theka. Ndipo mita imeneyo ndi yomwe dzuwa ndi mphepo zimayambira kudya. Milimita imodzi ikauma pa hekitala imodzi, malita 10,000 apita, pomwe tsiku lotentha ndi lamphepo limatha kuumitsa mamilimita asanu kapena kuposerapo. Ndinazika mtengo wolembedwa mizere m'madzimo, ndipo ngakhale masabata omwe sindinathirire, mzere watsopano unkaonekabe. Pachifukwachi ndimathirira kwambiri kumayambiriro kwa chilimwe, madzi akadali pamwamba, m'malo mowasungira dzuwa. Amene akusankha malo, asankhe pozama ndi popanikizika kusiyana ndi pathyathyathya.

Matope nawo amaba malo mwakachetechete. Madzi ataphwa kumtunda kwa damu ndinapeza dothi lofewa lofika m'misongolo, lomwe linatsika ndi mvula yoyamba kuchokera m'minda yolimidwa motsetsereka. Tsopano ndadzala mizere ya udzu wa vetiva pomwe madzi amalowera, ndipo kamtsinjeko ndakatchinga ndi miyala kuti kasiye matope asanafike m'damu.

Gawo lomwe landidyera nthawi yambiri ndi la chitetezo, ngakhale kuti ndi ochepa amalifunsa. Khoma ladothi lili ndi adani awiri akuluakulu: madzi odutsa pamwamba pake, ndi madzi odutsa m'kati mwake.

Khoma lasimenti limapirira madzi akalidumpha. Ladothi ayi. Madzi akangoyamba kusefukira pamwamba, amakokolola mbali yakumunsi, kachigwembe kamakula kulowera chakumbuyo, ndipo khoma lonse likhoza kutseguka pa maola ochepa. Ndiye chifukwa chake ngalande yotayira madzi osefukira ndi chinthu chofunika kuposa china chilichonse pa damu. Yathu inakumbidwa pambali, panthaka yolimba yachilengedwe, osati pa dothi lothira, ndipo imakatayira madzi kutali ndi phazi la khoma. Ili mmunsi mita imodzi kuchokera pamwamba pa khoma. Usiku wina wa mvula yamphamvu ndinapita ndi tochi. Ngalandeyo inali itadzaza mbali ndi mbali, madzi ofiira akuthamanga ndi zinyalala, nthambi yaikulu itapingasa pakhomo pake ikukola udzu ndi mapesi. Pamtengo wanga wa mizere madzi ankakwera ndikuwaona. Titaikoka nthambiyo ndi chingwe, madzi anasiya kukwera. Kuyambira pamenepo, mvula ikangogwa yambiri, pakhomo pa ngalande ndi pomwe ndimayambira.

Pali mayesero awiri omwe mwini damu aliyense amakumana nawo, ndipo anthu andilangizapo onse awiri ndi mtima wabwino: kuika matumba a mchenga pangalande kuti madzi achuluke, ndi kutchinga ndi waya kuti nsomba zisathawe. Zonsezi ndimazikana. Ku Pennsylvania, m'dziko la America, damu ladothi la South Fork linali la kalabu ya anthu olemera okonda kuwedza ndi kusaka. Anatsitsa pamwamba pa khoma kuti ngolo zizidutsa bwino, n'kuika zotchingira nsomba pangalande. Pa 31 May 1889 mvula itachuluka madzi anadumpha khoma, ndipo anthu 2,209 anafa ku Johnstown ndi midzi yoyandikana nayo. Wina anganene kuti limenelo linali damu lalikulu, la kalekale. Koma pa 9 May 2018, damu ladothi la pafamu ya munthu wamba ku Solai, m'dera la Nakuru ku Kenya, linaphulika usiku n'kupha anthu oposa 40 omwe ankakhala kumunsi, oposa 20 mwa iwo ana. Damu ndi la mwini wake, koma madzi ake akamasuka amapita kwa anthu ena.

Mdani wachiwiri ndi wobisika. Damu lililonse ladothi limachucha pang'ono, ndipo chinyezi kuphazi kwa khoma si chodabwitsa. Chofunika kuyang'ana ndi mtundu wa madziwo ndi kuchuluka kwake. Kwathu kuli malo amodzi pomwe udzu umakhala wobiriwira chaka chonse ndipo madzi amatuluka pang'onopang'ono. Ndimatunga m'botolo loonekera m'kati, n'kulisiya likhazikike. Madzi akakhala oyera, pansi pa botolo popanda kanthu, mtima umakhala m'malo. Akadzatuluka amatope, ndiye kuti akunyamula dothi la m'kati mwa khoma, ndipo kanjira kakukumbika kuchokera kumunsi kulowera kudamu. Zimenezi ndi zomwe zinagwetsa damu la Teton ku Idaho, ku America, pa 5 June 1976, lalitali mamita 93, lomangidwa ndi akatswiri a boma, pa nthawi yoyamba kulidzaza. Madzi amatope anaoneka m'mawa, ndipo pofika masana khoma linali litapita. Malangizo a akatswiri pa malo otere ndi akuti musatseke ndi dongo kumunsi, chifukwa madzi amangofuna potulukira pena. Mumathirapo mchenga, pamwamba pake timiyala, kuti madzi adutse koma dothi litsale, kenako mumatsitsa madzi m'damu ndi kuitana wodziwa. Anthu akumunsi muwauze nthawi yomweyo, osadikira kuti mutsimikize.

Kuti khoma lisachuche kwambiri, nkhani imathera pa kamangidwe, ndipo pano ndikuthokoza mmisiri yemwe anatiumirira. Anakumbitsa ngalande pansi pa khoma mpaka kufika pa nthaka yosalowa madzi, n'kuidzaza ndi dongo. Dothi linkathiridwa pang'onopang'ono, masentimita 15 kapena 20, lonyowa pang'ono, n'kutsenderedwa lisanabwere lina. Dothi la pachulu ndi lapamwamba lokhala ndi mizu analikana. Mbali ya kumadzi anaiyala motsetsereka pang'ono, mamita atatu pa mita iliyonse yokwera. Panthawiyo zinkaoneka ngati kuchedwetsa ntchito. Khomalo lakhazikika n'kutsika pang'ono pakati, monga ananenera, ndipo dothi loonjezera lomwe anasiya pamwamba ladzaza kutsikako.

Paipi yodutsa m'khoma tinaikana, chifukwa madzi amakonda kutsata m'mbali mwa paipi. Timakoka madzi ndi paipi yodumpha pamwamba pa khoma. Imavuta kuyambitsa ikalowa mpweya, ndipo limeneli ndilo dandaulo langa lenileni pa damuli, koma ndi vuto lomwe ndingakhale nalo. Pokoka madzi osatsitsa damu mofulumira kwambiri: dothi la mbali ya kumadzi limakhala litamwa madzi, ndipo likasiyidwa mwadzidzidzi limagumukira m'kati.

Ntchito ya mwezi ndi mwezi ndi yosavuta koma siidikira. Mitengo yomera yokha pakhoma ndimazula ikadali yaing'ono, chifukwa mizu ikadzaola imasiya njira za madzi. Udzu woyanga ndimaudula waufupi kuti ming'alu ioneke. Chiswe chinayamba kumanga chakumapeto kwa khoma, ndipo tinakumba mpaka kuchisa chake n'kutsenderapo dongo. Una wa makoswe ndi nkhanu nawonso timachita chimodzimodzi. M'chilimwe panatuluka timing'alu totsata utali wa khoma, tosazama, tomwe tinatsekeka titathira dothi. Mng'alu wopingasa khoma, wochokera kumadzi kupita kumunsi, ndi womwe ndimauopa, ndipo sindinauonepo. Ng'ombe sizikwera pakhoma. Zimamwera m'chomwera chomwe tinamanga kumunsi, popeza ziboda zimakumba tinjira tomwe mvula imasandutsa zigwembe.

Mpanda tinauika chifukwa cha ana kuposa ziweto. Mphepete mwa damu ladothi ndi moterera, ndipo phazi likatitimira m'matope ngakhale wamkulu amavutika kutuluka. Madzi odikha amaitananso udzudzu ndi nkhono zofalitsa likodzo kumadera komwe matendawa alipo, choncho udzu wa m'mphepete ndimauchotsa, sindilola munthu kusambamo, ndipo madziwa sitimwa osawiritsa.

Kodi ndingamangenso? Eya, pamalo omwewa. Ngalande yotayira madzi ndiikulitsa chilimwe chikubwerachi, chifukwa mvula yomwe taona si yaikulu kuposa zonse zomwe chigwachi chidzalandire. Amene akuganiza zomanga ayambe wafunsa za chilolezo, popeza maiko ambiri salola kutchinga madzi popanda kudziwitsa boma ngakhale malo ali anu, ndipo ayende wapansi kutsika ndi chigwacho kuti aone nyumba, njira ndi minda yomwe ili kumunsi. Ngati pali nyumba zogona anthu pafupi, asamange popanda injiniya. Ine ndinapatsana manambala a foni ndi mabanja akumunsi kwanga, ndipo tinagwirizana phiri lomwe angathawireko ndikawaimbira usiku.