Miyezi 11 chikonzereni mazinga a BSA Meteor yanga

Papita miyezi 11 chiikireni Helicoil, kawaya kopotana kobwezeretsa mazinga a bowo la bauti, pa mfuti yanga ya mpweya, BSA Meteor yakale, ndipo ndamaliza zitini zisanu ndi ziwiri za zipolopolo 500 chilichonse. Mabauti awiri akutsogolo, amene amagwira thabwa ku chitsulo, sanasunthe ngakhale pang'ono.

Mfutizi zinayamba kupangidwa ku Birmingham mu 1959, ndipo yangayi ndinaigula itadutsa kale m'manja ambiri. Bauti ya kumanja inkangozungulira osaluma. Chinandiwawa nditazindikira chifukwa chake. Mazinga a bauti yosaonongeka ya kumanzere nditawayeza anali a 2BA, muyeso wakale wa ku Britain, koma kumanja wina anakakamizamo M5. Ziwirizi zimanamiza maso: 2BA ndi yonenepa mamilimita 4.7 ndipo mazinga ake amatalikirana 0.81, pomwe M5 ndi mamilimita 5 ndi 0.8. Kupendeka kwa mano nakonso nkosiyana, madigiri 47.5 pa BA ndi 60 pa M5. Ndiye imalowa kawiri katatu, munthu nkumati yakwana, kenako imadya bowo lonse. Mfuti ya sipuling'i imagwedeza kutsogolo ndi kumbuyo nthawi iliyonse ukaomba, choncho mazinga ovulala kale sachedwa kutheratu.

Ndinaboola ndi kachitsulo ka mamilimita 5.2, nkudula mazinga atsopano ndi tap, chitsulo chodulira mazinga cha m'bokosi la Helicoil momwemo, nkulowetsa kawaya kopotanako, nkuthyola kamchira kake. Pamene ndinachita mantha mpoboola. Chitsulo cha pamenepo si chochindikala, ndipo dzanja likangopendeka pang'ono bauti imakhala mokhota mpaka kalekale. Ndinapana mfuti pa vaisi, ndinakulunga tepi pa chobooleracho kuti ndisapitirire, ndipo tap ndinkaibweza theka ndikaipotoza kamodzi, mafuta osasowa.

Ndinakonza mbali zonse ziwiri kuti zikhale M5. Apa mtima umandikayikitsabe. Osunga mfuti zakale angandidzudzule kuti bowo lakumanzere linalibe mlandu, ndipo sakunama. Koma sindinafune mfuti ya mabauti awiri ofanana pamaso koma osiyana mazinga, poti ndi momwemo vutoli linayambira.

Pa mazinga ndinadontheza Loctite 243, guluu wabuluu woletsa mabauti kumasuka okha. Mwezi wachisanu ndi chimodzi ndinachotsa thabwa kuti ndisinthe sipuling'i. Mabauti anamasuka ndi dzanja bwinobwino, kawaya kanatsala m'malo mwake, ndipo pobwezera analuma ngati tsiku loyamba. Chimenechi ndi chomwe ndinkadikira kuti ndione ndisanalembe. Zipolopolo zomwe kale zinkabalalika tsopano zimaunjikana pamodzi pa mamita 20.

Chimene sichinakhalitse ndi ntchito yanga pa mutu wa bauti yakumbuyo. Mpata wake unali wophwanyika ndi sikuludiraiva yosayenera, ndiye ndinasula milomo yake ndi kahamala, nkusalaza ndi tupa, nkupaka mankhwala odetsera chitsulo. Mpata ukadali bwino, koma kudako kunayamba kufwifwa mwezi wachinayi, ndipo nyengo yachinyezi kunabwera timadontho ta dzimbiri. Ndikuganiza kuti sindinachotse mafuta mokwanira ndisanapake. Sabata yatha ndinapukuta ndi asetoni nkupakanso katatu, ndipo tsopano ndimadutsapo ndi kansalu ka mafuta ndikangobwera koombera.