Kamera ya m'thumba yoposa foni: Sony RX100 III kapena Canon G7 X Mark II?

Anthu ambiri akamagula kamera yaing'ono amayamba ndi kufunsa kuti ili ndi ma megapixel angati, ndipo funso limeneli ladyetsa ambiri ndalama. Canon IXUS 185 ili ndi ma megapixel 20, Sony RX100 III ilinso ndi 20, koma mukajambula nazo m'tchalitchi kapena pa chinkhoswe dzuwa litapendeka, zithunzi zake zimatalikirana ngati Nsanje ndi Chitipa. Chomwe chimasiyanitsa ndi sensa, kachipangizo kolandira kuwala kuseri kwa lenzi. Ya IXUS ndi ya mamilimita pafupifupi 6.2 ndi 4.6, pamene ya RX100, yomwe amati ya inchi imodzi, ndi 13.2 ndi 8.8, kutanthauza kuti malo olandirira kuwala ndi okula kanayi. Lenzi ya IXUS imatseguka mpaka f/3.2 basi, ya Sony f/1.8 (nambalayi ikachepa, lenzi imakhala yatseguka kwambiri), ndiye kuti ya Sony imalowetsa kuwala kochuluka katatu. Ngati kamera ili ndi sensa yaing'ono ija, foni yabwino ya masiku ano ikhoza kuiposa, makamaka usiku, ndipo ndalama zanu zisungeni.

Makamera awiri omwe ndi oyeneradi kuwaganizira ndi Sony RX100 III, yomwe inatuluka mu 2014, ndi Canon PowerShot G7 X Mark II ya 2016. Onse ndi akale ndithu, ndipo kuno ku Blantyre mumawapeza ogwiritsidwapo kale ntchito, kwa ogulitsa a pa Facebook kapena potuma munthu wochokera ku Joni. Onse ali ndi sensa ya inchi imodzi, sikirini yotembenuka kuyang'ana kutsogolo, Wi-Fi yotumizira zithunzi pa foni, ndi fulashi yaing'ono yotumphuka. Onse sajambula vidiyo ya 4K ndipo alibe pobayira maikolofoni. Wofuna zimenezo ayang'ane G7 X Mark III kapena RX100 VII, zonse za 2019, koma akonzeke kupisa m'thumba mozama.

Canon imakoma m'manja. Ili ndi pogwirira pa labala kutsogolo, sikirini yake ndi yokhudza ngati ya foni, moti mumangogunda nkhope ya munthu ndipo kamera imalunjika pomwepo. Lenzi yake ndi 24-100mm, f/1.8 mpaka f/2.8, kotero imakoka patali pang'ono kuposa ya Sony yomwe imathera pa 70mm. Koma chomwe chimaipatsa mphamvu kwenikweni kuno kwathu ndi kagudumu ka pamwamba koonjezera kapena kuchepetsa kuwala. Kamera ikaona khoma loyera, thambo lowala kapena diresi la mkwatibwi, imaganiza kuti kwawala kwambiri n'kudetsa chithunzi chonse, ndiye nkhope ya munthu wakhungu lakuda imasanduka mthunzi, maso okha ndi mano. Mankhwala ake ndi kuonjezera +2/3 kapena +1, ndipo pa Canon mumangopotoza ndi chala chachikulu osachotsa diso pa munthuyo. Pa Sony zimathekanso, koma muyenera kudina batani la kumbuyo kaye. Masana dzuwa lili paliwombo, tumphutsani fulashi ngakhale kukuwala, imachotsa mithunzi ya m'maso ngati munthuyo ali pafupi, mamita awiri kapena atatu.

Sony nayo ili ndi chinthu chomwe Canon ilibe: kagalasi koikapo diso, kobisika m'thupi mwake. Dzuwa la mu Okutobala, mutaima pa Kamuzu Stadium kapena mukujambula phiri la Ndirande, sikirini imangooneka ngati galasi lodziyang'anira, ndipo mumajambula mongoganizira. Pamenepo kagalasi aka ndi kopulumutsa. Kali ndi mwambo wake. Mukakatumphutsa ndi kabatani ka m'mbali, muyeneranso kukoka mbali yoikapo diso kuti itulukire kumbuyo, apo ayi zonse zimaoneka zachimbuuzi ndipo ena amabweza kamera poganiza kuti ndi yowonongeka. Pamwamba pake pali kachitsulo kosinthira molingana ndi maso anu. Mukakankhira kagalasiko pansi, kamera yonse imazima, zomwe zimakwiyitsa poyamba. Thupi la Sony ndi loterera ngati sopo, choncho kachingwe ka pamkono musakachotse. Imalemera magalamu 290, Canon 319.

Batire ndi lofooka pa onse awiri. La Sony, NP-BX1, amaliwerengera zithunzi 320; la Canon, NB-13L, 265. Pa ukwati woyamba 8 koloko kutchalitchi n'kukathera ku holo madzulo, batire limodzi silifika, makamaka mukamaonetsa achibale chithunzi chilichonse. Gulani lachiwiri tsiku lomwelo. Sony imatchajidwa batire lili m'kati ndi chingwe cha micro USB, ndiye magetsi akathima pawabanki imakuthandizani. Mabatire otchipa osadziwika bwino amafufuma ndi kutentha, ndipo likafufuma limakanirira m'kati. Mukaona kuti silikutumphuka lokha mukatsegula kachitseko, lisiyeni.

Ndiye iti? Kwa wojambula ana, zakudya, abale pakhomo ndi zithunzi zodzijambula yekha, Canon ndi yosavuta kuzolowera, ndipo zithunzi zake za JPEG zimatuluka ndi mtundu wofunda wosafuna kukonzanso. Vuto lake ndi mtengo: ma G7 X anatchuka kwambiri pa TikTok, mitengo ya akale omwe inakwera, moti nthawi zina wogulitsa amatchula ndalama zosagwirizana ndi msinkhu wa kamerayo. Kwa wojambula kwambiri panja, Sony ndiyo yopambana chifukwa cha kagalasi kaja, ndipo kawirikawiri imapezeka motsikirapo. Zikakhala pa mtengo wofanana ndipo zonse zili bwino, Canon. Zikasiyana kwambiri, Sony popanda kudandaula.

Koma nkhani yaikulu si dzina ayi, ndi thanzi la kamera yomwe ili m'manja mwanu, chifukwa makamera awa akadwala m'lenzi, kukonza kwake kumafuna zipangizo zoitanitsa kunja. Musatumize ndalama musanaigwire. Kumanani masana pamalo a anthu ambiri, mutenge khadi lanu la SD, ndipo mupemphe mphindi khumi ndi zisanu.

Yambani ndi kuyatsa ndi kuzimitsa kasanu. Lenzi izituluka ndi kulowa mosajejema, popanda kulira kwa mchenga, ndipo timasamba totseka kutsogolo tizitseguka tonse. Mukaona mawu oti Lens error pa Canon, kapena E:61:00 pa Sony, ngakhale kamodzi kokha, bwezani. Wogulitsa akati "imangotero nthawi zina, bwana", akunena zoona, ndipo nthawi zinazo zidzachuluka. Kenako ikani gudumu losankhira kajambulidwe pa A (Sony) kapena Av (Canon), pomwe mumasankha nokha kutseguka kwa lenzi, tsekani lenzi mpaka f/11, kokerani zumu kumapeto, mujambule khoma loyera kapena thambo lopanda mitambo katatu, mukusuntha kamera pang'ono. Kulitsani zithunzizo. Kadontho kakuda komwe kakubwera pamalo amodzimodzi pa zithunzi zonse ndi fumbi la pa sensa kapena m'kati mwa lenzi, ndipo silichoka popanda kumasula kamera yonse. Walitsani tochi ya foni m'lenzi mopendeketsa: tifumbi tochepa si nkhani, koma timizere tonga ukonde wa kangaude ndi nkhungu ya chinyezi, imeneyo imakula ndipo imadya utoto wa pagalasi. Jambulani nyuzipepala yomata pakhoma mutaima molunjika, muone ngati ngodya zonse zinayi zikuwerengeka mofanana. Mbali imodzi ikakhala yachimbuuzi, mwina kamerayo inagwapo. Pomaliza tembenuzani sikirini pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Ikamaphethira, kachingwe kake ka m'kati kayamba kuduka.

Dzina loti ya m'thumba lisakunamizeni. Lenzi yotuluka ndi kulowa imapuma mpweya ngati mvukuto, ndipo imakoka fumbi ndi tiulusi ta m'thumba la thalauza. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la mu Limbe ndi m'misewu ya m'makwalala limalowa paliponse, choncho kamera izikhala m'kachikwama kazipi, ndipo musaiyatse galimoto itangodutsa. Galasi lake musapukute ndi malaya kapena chitenje; puzirani kaye ndi kampira kopuzira mpweya, kenako kansalu kofewa ka magalasi a maso. Nthawi ya dzinja ndi ya chiperoni, isungeni m'chigubu chotseka bwino muli timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Makamera onse awiri sanapangidwe kuti azinyowa, ngakhale mvula yowaza.

Ngati moyo wanu ndi wa kunyanja, kumunda kapena pa malo omanga nyumba, iwalani awiriwa mutenge Olympus Tough TG-6 kapena OM System TG-7. Sensa yake ndi yaing'ono, ma megapixel 12, ndipo usiku siikondweretsa, koma lenzi yake situluka kunja, imalowa m'madzi mpaka mamita 15 ndipo imapirira kugwa kuchokera mamita awiri. Ricoh GR III ili ndi sensa yaikulu kuposa onsewa ndipo zithunzi zake ndi zakuthwa, koma ilibe zumu, ilibe fulashi, batire lake ndi la zithunzi pafupifupi 200, ndiponso imadziwika ndi vuto lomweli la fumbi. Ndi ya munthu amene akudziwa kale chomwe akufuna.

Khadi la 32GB kapena 64GB ndi lokwanira, koma achinyengo ndi ambiri: kunja alemba 64GB, m'kati muli malo ochepa, ndipo likadzaza limayamba kuwononga zithunzi mwakachetechete. Liyeseni pa kompyuta ndi pulogalamu yaulere ya H2testw musanaliike m'kamera, kenako lifomateni m'kamera momwemo. Pojambula anthu m'nyumba ikani gudumu pa S (Sony) kapena Tv (Canon), liwiro lojambulira 1/125 ya sekondi, ndipo ISO, yomwe ndi mphamvu ya sensa yomvera kuwala, muisiye pa Auto. Ana akamathamanga panja, 1/500.