Nikon D750 yakaunjika ya shutter count 171,000: ndemanga yanga patatha miyezi 8

Kamera yanga yakale inavumbwidwa ndi mvula pa chinkhoswe mu Januwale ndipo sinayakenso. Ndinali nditalandira kale ndalama za maukwati atatu, ndiye nthawi yodikira panalibe. Malenzi anga onse ndi a F-mount, mabatire ndi a EN-EL15, choncho ndimafuna Nikon basi. Wojambula mnzanga wina amagulitsa D750 yake, koma shutter count, yomwe ndi nambala ya maulendo amene shutter (kachitseko kolowetsa kuwala pojambula) yatseguka, inali pa 171,000, pomwe shutter ya kamerayi a Nikon anaiyesa kufika 150,000.

Nditamva nambalayo mtima unapita pansi. Koma 150,000 si tsiku la maliro a kamera ayi. Ndi mlingo woyesera chabe: ina imafa isanafikepo, ina imadutsa kutali. Chimene nambalayo inandithandiza ndi kunenerera. Ndinagula pafupifupi theka la mtengo umene ena amatchula pa D750 yosagwira ntchito kwambiri, ndipo ndalama yotsalayo ndinaisunga padera kuti shutter ikadzafa ndidzasinthitse.

Ndisanapereke ndalama ndinakhala nayo ola lathunthu. Nambala sindinangoimva pakamwa, ndinajambula chithunzi n'kuiwerenga ndekha mu EXIF, uthenga umene kamera imasunga mu fayilo ya chithunzi, poti Nikon imailemba momwemo. Kenako ndinajambula khoma loyera pa 1/4000 ya sekondi, liwiro lomaliza la shutter, kuona ngati mbali ina ikuda, chifukwa shutter yotopa imayamba kudziulula pamenepo. Panalibe kanthu. Malo onse awiri a SD khadi amalemba bwinobwino, zomwe kwa ine ndi nkhani yaikulu. Zithunzi za ukwati sizibwerezedwa.

Lero yafika 203,000. Kamerayi inatuluka mu 2014, koma sensa yake (kachipangizo kolandira kuwala n'kupanga chithunzi) ya full frame ya 24 megapixel ikugwirabe ntchito yokoma. M'holo mwamdima, nthawi ya perekaniperekani magetsi atathima, ISO 3200 (mlingo wothandiza kamera kuona mumdima) imanditulutsira nkhope zoyera popanda kuvutitsa anthu ndi flash. Palibe mkwatibwi anayang'anapo chithunzi chake n'kufunsa zaka za kamera.

Ukalamba ukuoneka kwina. Labala wa pogwirira anayamba kumatuka moti ndinamata ndekha, gudumu lakutsogolo nthawi zina limalumpha ndikamasintha aperture (kukula kwa bowo la lenzi), ndipo sensa ndinaipeza ndi fumbi lambiri lomwe mwini wake sankapukuta. Gudumulo ndi lomwe limandidetsa nkhawa kuposa shutter.

Ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5. Yachisanuyo ndaimana chifukwa okonza makamera otere kuno ndi osowa, ndipo ikadzafa pakati pa nyengo ya maukwati ndidzakhala masabata ndikudikira. N'chifukwa chake Loweruka lililonse ndimabwereka kamera yachiwiri n'kuika m'chikwama. Wogulitsa akakana kutsitsa mtengo pa nambala yotere, kapena akakana kuti muiyese kaye, isiyeni.