Sitolo yojambula zikalata zakale pafupi ndi msika wa Zomba: manja osamala, koma pulasitiki muikane

Pakati pa sitolo zochita fotokope ndi kumanga mabuku zimene zandanda pafupi ndi msika waukulu wa Zomba, pali imodzi imene imalandiranso zikalata ndi zithunzi zakale za m'mabanja n'kuzijambula pa sikana kuti zisungike pa kompyuta. Makasitomala ake ambiri ndi ophunzira a ku yunivesite ya ku Chirunga odzasindikiza ntchito zawo za m'kalasi, koma ine ndinapitako ndi mapepala a malemu agogo athu: khadi la ubatizo, malisiti a msonkho, makhadi a chipani, zithunzi za ku situdiyo, ndi makalata amene ankalemba ali ku migodi ya ku Joni, boma lisanaletse Wenela, bungwe limene linkatumiza anthu ku migodiko, kulemba anthu ntchito m'dziko muno ndege yonyamula ogwira ntchito ku migodi itagwa ku Francistown, ku Botswana, mu 1974.

Chimene chinandikhutiritsa koposa ndi mmene mayi amene amagwira ntchitoyi amagwirira pepala. Asanakhudze chilichonse anasamba m'manja n'kupukuta tebulo, kenaka anayamba kufunyulula makalatawo limodzilimodzi, akutsatira mmene anapindidwira kale, chifukwa pepala limene lakhala m'sutikesi zaka makumi asanu limathyoka ngati tsamba louma la fodya mukalikakamiza. Mapini adzimbiri anawachotsa mosamala ndipo sanalole kuti pepala lililonse lidutse m'makina okoka okha mapepala. Lililonse analigoneka pagalasi ndi dzanja. Kalata ina inali itadyedwa ndi chiswe m'mphepete, ndipo iwo anaika pepala lakuda kuseri kwake kuti malire a podyedwapo aoneke bwino. Atafika pa zithunzi anati, "Bambo, tijambulenso kuseri, chifukwa n'kumene kuli chidindo cha situdiyo ndi chaka." Ankanena zoona, pakuti kuseri kwa chithunzi chimodzi kunali mayina a anthu anayi olembedwa ndi pensulo, amene pabanja pathu palibe akanawazindikira ndi nkhope zokha.

Anthu ena angaone ngati kuwononga ndalama kujambulitsa lisiti la msonkho la munthu amene anamwalira kalekale. Mzinda wa Zomba umene uyenera kukhala woyamba kuwatsutsa. Mu 1919 moto unapsereza likulu la maofesi a boma la atsamunda mumzinda muno, ndipo zikalata zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro umene unayamba mu 1891 zinathera pomwepo. N'chifukwa chake ofufuza mbiri ya nthawi imeneyo amadalira kwambiri zolemba za mamishoni ndi makope amene anatumizidwa ku London. Nyumba yosunga zikalata zakale ya National Archives inatsegulidwa kuno mu 1947, ndipo lamulo limati aliyense wosindikiza buku m'dziko muno azipereka kope kumeneko. Komabe zimene boma limasunga ndi zimene boma linalemba, ndipo mawu a mlimi, a mphunzitsi wa kumudzi kapena a mtchona ali m'masutikesi a m'nyumba zathu, momwe chinyezi cha m'munsi mwa phiri lino ndi njenjete zikuwadya chaka ndi chaka.

Tsopano ndinene zimene sizinandisangalatse, ndipo choyamba n'chachikulu. Mnyamata wothandiza m'sitolomo amalimbikitsa kasitomala aliyense kuti zikalata zake azimate m'pulasitiki, ndipo ine anandiuza kangapo kuti khadi la ubatizo lija likamatidwa silidzaonongekanso. Malangizo amenewa ndi olakwika. Makina omatira amagwiritsa ntchito kutentha ndi zomatira zimene zimalowerera m'pepala, moti simungadzalichotsemonso osaling'amba, ndipo pulasitikiyo ikayamba kufufuma kapena kusanduka yachikasu imaonongera limodzi ndi zolembazo. Ndinaona mayi wina wachikulire akutuluka ndi satifiketi yakale ya amuna awo itamatidwa kale, ali okondwa kuti aiteteza, ndipo zinandipweteka mtima. Sitolo imene ili ndi munthu wodziwa kugwira pepala chonchi siyenera kugulitsa ntchito yowononga pepala lomwelo pa tebulo loyandikana nalo. Envulopu yoyera ndi malo ouma n'zokwanira.

Chachiwiri ndi mayina a mafayilo. Kompyuta imangopereka manambala otsatizana, ndipo ogwira ntchitowo sawasintha pokhapokha muwapemphe. Chithunzi chopanda dzina la munthu, malo ndi chaka chidzakhala chosathandiza kwa mdzukulu amene adzachitsegule m'tsogolo. Amakondanso kutumiza ntchito pa WhatsApp, pomwe zithunzi zimachepetsedwa mpaka zilembo zing'onozing'ono za pa chidindo kusawerengeka, choncho tengani flash yanu. Ndinaonanso kuti pa kompyuta yawo pali mafayilo a makasitomala ena amene sanafufutidwe, zomwe si zabwino pa makalata a m'banja ndi mapepala a malo. Nditapempha anafufuta anga ine ndikuona, popanda kunyinyirika. Mtengo amawerengera pa tsamba, ndi wokwererapo kuposa wa fotokope wamba, ndipo magetsi akathima ntchito imaima.

Makhadi a chipani aja ndi amene anachititsa kuti tikambirane kwa nthawi ndithu ndi mayiwo. Mnyamata wothandiza uja, amene anabadwa referendamu ya pa 14 June 1993 itadutsa kale, sankadziwa kuti panali nthawi imene munthu ankabwezedwa pachipata cha msika kapena pokwera basi chifukwa chosowa khadi limenelo. Analigwira m'manja, n'kuliwerenga mbali zonse ziwiri, ndipo anafunsa mafunso amene sakanafunsa akanangomva nkhaniyo pakamwa. M'boma lomwe lino la Zomba muli Mikuyu, kumene anthu ambiri anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, kuphatikizapo mlakatuli Jack Mapanje kuyambira 1987 mpaka 1991. Mu May 1983 dziko linauzidwa kuti akuluakulu andale Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza, ndipo panadutsa zaka zoposa khumi kuti bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 lipeze kuti anachita kuphedwa. Lero tili ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza mauthenga ku maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, koma lamulolo lingakupatseni chikalata chokhacho chimene wina anachisunga. Udindo wosungawo suli pa boma lokha. Uli pa mpingo umene uli ndi kaundula wa ubatizo, pa nyakwawa imene ili ndi buku la mudzi, ndi pa banja lililonse limene lili ndi kalata yochotsedwa ntchito kapena yochokera kundende.

Sitoloyi ndikuivomereza kwa aliyense amene ali ndi mapepala otere, makamaka ngati mungapeze mayiwo ali pa ntchito. Pitani m'mawa ophunzira asanadzaze, mutalemba kale papepala lapadera dzina, malo ndi chaka cha chikalata chilichonse monga mmene akuluakulu a kwanu akukumbukirira, ndipo muumirire kuti mafayilo atchulidwe motero. Pulasitiki muikane ngakhale akuchonderereni. Makope muwagawe kwa abale okhala m'nyumba zosiyana, ndipo ngati pali makalata okhudza mpingo, sukulu kapena ndale za m'dera lanu, kafunseni ku National Archives, pa msewu wa Mkulichi, ngati angalandire kope.